Shelefu yanga ya pulayiwudi yomwe anthu amati ndi mbawa

Mbawa ndi mlombwa masiku ano ndi mitengo ya anthu a ndalama. Ukafunsa kalipentala mtengo wa tebulo la mlombwa, amayamba wakuyang'ana nsapato asanakuyankhe. Ife amene timachita lendi tizipinda ku Chikanda kuno ku Zomba, katundu wathu ndi wa pulayiwudi ndi paini, wotuwa mbuu. Ndiye patchuthi chapitachi ndinayamba kuphunzira kupenta thabwa wamba kuti lizioneka ngati la mtengo wapamwamba.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Umakwecha thabwa ndi sandipepa, n'kulipaka penti wachikasu chotuwirako, n'kudikira kuti aume. Pamwamba pake umapaka penti wofiirira wosungunula kwambiri ndi thinala, ndipo asanaume umakokapo chipeso kuti wapansi uja aonekere m'mizere. Zipeso za labala zopangira ntchito imeneyi zilipo, koma ine ndinangodula mano pa chidutswa cha patapata yakutha. Pomaliza ndi vanishi.

Pamene pagona nkhani ndi padzanja. Ukakoka mowongoka kwambiri, thabwa limaoneka ngati kope la masamu. Mtengo weniweni unakula ukulimbana ndi mphepo, chilimwe ndi dzinja, choncho mizere yake imathinana apa n'kutalikirana apo, ndipo ikafika pa mfundo imapatuka ngati madzi opewa mwala mumtsinje. Mfundoyo ndimaipanga ndi chala chokulunga m'kansanza, ndikuzungulitsa pang'onopang'ono. Imodzi kapena ziwiri zakwana. Zikachuluka, shelefu imakhala ngati yadwala nthomba.

Mnzanga wina wophunzira filosofi atayiona anati ndi bodza lopaka vanishi. Sanali woyamba kunena zotero. Mu 1849, John Ruskin wa ku England analemba buku la The Seven Lamps of Architecture, momwe anadzudzula kupenta chinthu kuti chioneke ngati chinthu china, ponena kuti nyumba iyenera kunena zoona za zomwe anaimangira. Koma nthawi yomweyo kunali mmisiri wina, Thomas Kershaw, yemwe matabwa ake openta anamupezetsa mamendulo pa chionetsero cha ku London mu 1851 ndi cha ku Paris mu 1855. Ena mwa matabwawo akusungidwa ku Victoria and Albert Museum. Amisiri a nthawi imeneyo ankasungunuliranso utoto wawo mu mowa wogona, chinthu chomwe anzanga akuhositelo sangalole kuti ndiyesere.

Ruskin ndimamumvetsa pamfundo imodzi: munthu akakugulitsa pulayiwudi wopenta pa mtengo wa mbawa, ameneyo ndi tambwali. Kupitirira apo sindigwirizana naye. Bambo ake anali wamalonda wolemera wogulitsa vinyo, ndipo n'kosavuta kulalikira za thabwa lenileni ukakhala kuti ungathe kuligula. Kodi wosauka azikhala ndi katundu wosakongola kuti aoneke wachilungamo? Aliyense wolowa m'chipinda mwanga ndimamuuza ndekha kuti ndi penti, mwinanso asanafunse, chifukwa kunyadira kwanga kuli pomwepo.

Palinso china chomwe Ruskin sakanachiganizira. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa. Tikati aliyense womaliza maphunziro, akangolandira malipiro oyamba, agule bedi la mbawa ndi kabati ya mlombwa kuti aoneke kuti wafikapo, mitengo imeneyo ichokera m'nkhalango iti? Paini amadzalidwa, monga ku Chikangawa, ndipo amakula msanga poyerekeza ndi mitengo yachilengedweyi. Kachitini ka penti sikagwetsa mlombwa ndi umodzi womwe.

Chomwe sindinayembekezere n'chakuti ntchitoyi yandiphunzitsa kuyang'ana. Kale chitseko chinali chitseko basi. Tsopano ndimaima pa mabenchi akale a m'tchalitchi, nkhope pafupi, kuona mmene mbawa imasinthira kuwala ukapendeka mutu, mpaka anthu amayesa ndikupemphera. Kuwala kosinthasinthako ndiko penti amavutika nako kwambiri. Sabata ino ndikuyesa kupaka wofiirira uja kawiri, wopyapyala kwambiri, pa chitseko cha kabati, ndipo eni nyumba andifunsa kale ngati ndingapentenso cha kubafa.