Za Garu wa kwa Baskerville

Mwa mabuku onena za ofufuza mirandu, ife tikonda koposa lija la Arthur Conan Doyle, The Hound of the Baskervilles, limene lidaturuka m'caka ca 1902. Anthu a ku Dartmoor, m'dziko la England, anakhulupirira kuti garu wa mizimu alondola banja la Baskerville cifukwa ca zoipa za kholo lao Hugo. Ndipo Sir Charles anafa ndi mantha okha, wosalumidwa konse.

Koma taonani cimene Sherlock Holmes anasamalira: nsapato. Ku London munthu wina anaba nsapato yatsopano ya Sir Henry, wolowa nyumba. Pambuyo pace anatenga yakale, nabweza yatsopanoyo. Cifukwa ninji? Yatsopano inalibe pfungo la mwini wace. Mzukwa sulondola pfungo. Wolondola pfungo ndiye garu weniweni, ndipo garu wotere ali naye mbuye wace. Mbuyeyo ndiye Stapleton, mbale wodzibisa wokhumba cuma, amene anapaka garuyo mankhwala owala usiku.

Cifukwa cace tiliyamika bukuli. Inu owerenga, pakumva mbiri yoopsa, tisanathawe tiyambe tafunsa: mantha athuwa apindulitsa yani?