Kalata kwa mphwanga amene akufuna kugula pikapu ku Indiana

Wokondedwa mphwanga,

Ife kuno ku Texas tilipo, kungoti dzuwa silikutipatsa mpata.

Masamba a magazini amene unajambula n'kunditumizira pa WhatsApp ndawawerenga onse, ndipo funso lako ndalimva: pakati pa Ford, Chevrolet, Ram ndi Toyota, pikapu yoposa zinzake ndi iti? Pafoni timangolandana mawu, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe. Ndaiika poyera kalatayi chifukwa anzako a ku South Bend ndi ku Indianapolis nawo amandifunsa zomwezi. Mtima m'malo, za m'thumba mwako sinditchula.

Uyambe wachotsa Hilux m'mutu mwako. Ndikudziwa kuti tonsefe tinakula tikukhulupirira kuti pikapu ndi Hilux basi, koma kuno saigulitsa. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakale ndithu: mu 1964 boma la Lyndon Johnson linaika msonkho wa 25 peresenti pa mapikapu ochokera kunja, pobwezera mayiko a ku Ulaya amene anakweza msonkho pa nkhuku za ku America. Mkangano wa nkhukuwo unaiwalika, koma msonkhowo ulipobe. Choncho wofuna kugulitsa mapikapu kuno amayenera kuwapangira konkuno kapena m'mayiko oyandikana nawo, ndipo amawapanga molingana ndi mtima wa eni dziko: aatali, otakata, a injini zikuluzikulu. Toyota inayamba kupanga Tundra mu 1999 kwanu komweko, ku Princeton, kenako inasamutsira ntchitoyo kuno ku San Antonio. Nissan inayesa ndi Titan kwa zaka pafupifupi makumi awiri, mu 2024 n'kugwetsa manja. Ndiye atsala pabwalo ndi F-150 ya Ford, Silverado ya Chevrolet pamodzi ndi GMC Sierra (ziwirizi ndi galimoto imodzi yovala malaya osiyana), Ram 1500 ndi Tundra.

Tsopano za magazini ako aja. Sindikuwanyoza, ineyo ndimawawerenga, ndipo amene amalembamo galimoto amazidziwa. Koma funso limene iwo amayankha si lako ayi. Taona chikho cha Truck of the Year chimene MotorTrend imapereka chaka ndi chaka. Opikisana ndi magalimoto atsopano okhaokha, kapena amene asinthidwa kwambiri chaka chimenecho. Pikapu imene yakhala zaka khumi osasintha chifukwa palibe chofunika kukonzapo siiloledwa n'kulowa komwe mu mpikisano. Ram inatenga chikhochi zaka zitatu zotsatizana, 2019, 2020 ndi 2021, ndipo inayeneradi: imayenda mofewa, m'kati mwake ndi mwaudongo, phokoso la msewu silikupeza. Koma oyesawo amakhala nayo masiku owerengeka, itachokera kwa eni kampani, yosamalidwa bwino, kawirikawiri ya mtengo wapamwamba yokhala ndi mipando yachikopa. Denga sitiliyamikira mu Okutobala, timadikira mvula ya Januwale. Iwe ukufuna kudziwa mmene galimotoyo idzakhalire itayenda mamailosi 150,000 ikukoka ngolo ya makina otchetchera kapinga, ndipo zimenezo wolemba wa mu magazini sanazione.

J.D. Power, dzina limene umaliona pa zotsatsa malonda, ili ndi kafukufuku wamitundu iwiri ndipo ogulitsa magalimoto sakonda kukuuza kuti akunena uti. Woyamba amafunsa eni magalimoto patangotha masiku 90 chigulireni. Wachiwiri amafunsa galimoto itakwanitsa zaka zitatu. Onse awiri amawerenga madandaulo pa magalimoto 100 aliwonse, ndipo dandaulo ndi dandaulo basi: foni yokana kulumikizana ndi wailesi imawerengedwa limodzi, giyabokosi yovuta imawerengedwanso limodzi. Dziwanso kuti kampani ikafuna kuika dzina la J.D. Power pa zotsatsa zake imalipira. Amene ndimawamvera kwambiri ndi a Consumer Reports. Bungweli linayamba mu 1936, silitenga ndalama za otsatsa malonda, galimoto limagula ndi ndalama zake ngati wogula wamba, n'kukaiyesa pa bwalo lake ku Connecticut, ndipo chaka chilichonse limafunsa mamembala ake zimene zawonongeka. Ukatsegula za iwowa usathamangire malikisi a kampani yonse. Pita pa tebulo la chaka ndi chaka la pikapu imene ukuifunayo, uone pa mzere wa injini ndi wa giyabokosi.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Kulimba kwa pikapu sikuli pa chizindikiro cha kutsogolo kwake. Kuli pa injini imene ili m'katimo, chaka chimene inapangidwa, ndi munthu amene anali nayo iwe usanaigule. Kampani iliyonse mwa zinayizi ili ndi zaka zake zabwino ndi zaka zake zochititsa manyazi.

Tiyambe ndi Toyota, poti ndikudziwa kuti mtima wako uli komweko. Tundra ya kuyambira 2007 mpaka 2021 mbiri yake yabwino ndi yoona. Injini yake ya V8 ya malita 5.7 ndi giyabokosi ya magiya asanu ndi limodzi zinakhala zomwezo zaka zonsezo, ndipo magazini ankaiseka kuti ndi yachikalekale. Ina ya 2007, ya injini yocheperapo ya 4.7, ya dalaivala wina wa ku Louisiana, inakwanitsa mamailosi miliyoni imodzi mu 2016, mpaka Toyota inaitenga kukaiphwasula kuti ione, mwini wake n'kumupatsa yatsopano. Koma imamwa mafuta mopanda chisoni, mamailosi 13 okha pa galoni ukamayenda m'tauni, ndipo yogwiritsidwa kale ntchito mtengo wake sutsika msanga chifukwa aliyense akuisaka. Toyota yomweyo mu 2016 inavomera kulipira pa mlandu wa machesesi odyedwa ndi dzimbiri, mlandu wa madola pafupifupi 3.4 biliyoni, wokhudza Tacoma, Sequoia ndi Tundra za 2007 ndi 2008. Ndiyeno mu 2022 inataya V8 ija n'kuika V6 ya ma turbo awiri. Magazini anaomba m'manja. Mu 2024 kampaniyo inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000, Tundra ndi Lexus LX, chifukwa tizidutswa ta zitsulo tinatsalira m'kati mwa injini popanga, zomwe zimatha kunoketsa injini uli pa msewu, ndipo inalonjeza kuika injini zatsopano. Dzina ndi lomwelo, Tundra, koma ndi magalimoto awiri osiyana.

Ford ndiyo mfumu ya msika. Mapikapu ake a F-Series akhala patsogolo pa malonda a mapikapu chiyambire 1977. Ena amati umenewo ndi umboni wakuti ndi abwino kuposa onse. Ine ndimati ndi umboni wakuti masipeya ake sudzawasowa, ngakhale pa tauni yaing'ono bwanji, ndipo makaniko aliyense anaigwirapo. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo ngati iwe, zimenezo si zazing'ono. Kuyambira 2015 bodi ya F-150 ndi ya aluminiyamu, choncho mchere umene amathira m'misewu yanu nthawi ya chisanu suidya ngati mmene umadyera chitsulo. Chesesi yokha ndi yachitsulobe, ndipo ukagunditsa galimotoyo, okhoza kuwongola aluminiyamu ndi ochepa komanso amadula. Injini ya 5.4 ya zaka za 2004 mpaka 2010 uithawe ngakhale akugulitse motchipa. Inatchuka ndi mapulagi othyokera m'kati pomasula ndiponso phokoso la mbali ya taimingi. EcoBoost ya 3.5, imene inabwera mu 2011, imakoka ngati njovu, koma zina za 2017 mpaka 2020 zimalira kwalakwala ukaziliza m'mawa kukuzizira, ndipo kukonza kwake si kwa ndalama zochepa. V8 ya 5.0 ndi yosavuta kuimvetsa, ngakhale za 2018 mpaka 2020 zinadandaulidwa kuti zimamwa oyilo. Imene anthu amaiderera chifukwa cha kuchepa, EcoBoost ya 2.7, mbiri yake ndi yabwino ndithu, ndipo ngolo yako siilemera moti n'kuigonjetsa.

Za Chevrolet ndi GMC ndinena mwachidule. V8 yawo ya 5.3 ndi injini yakale yodziwika bwino, yosavuta kukonza. Chilema chake chinabwera pamene anaiphunzitsa kuzimitsa masilinda ena poyenda kuti isunge mafuta: tizitsulo totchedwa lifter, timene timathandiza kutsegula mavalavu, timakanirira, ndipo ukachedwa timawononga camshaft. Ukamva kakugogoda kosalekeza pamwamba pa injini, bweza makiyi. Ya 6.2, imene magazini amaikonda chifukwa cha liwiro, ndi imene General Motors inaitanitsa mu 2025, magalimoto pafupifupi 600,000 a 2021 mpaka 2024, chifukwa injini zinkafa mwadzidzidzi.

Ram ndiyo idzakunyenga ukangoiyendetsa, ndipo mlamu akakhalamo kamodzi sadzafunanso ina. Chinsinsi chake n'chakuti kuyambira 2009 kumbuyo kwake anachotsa masipuling'i a mapale aja n'kuika opotana ngati a galimoto yaing'ono, ndiye siidumphadumpha ikakhala yopanda katundu. Injini ya Hemi 5.7 ndi yamphamvu ndipo ikasamalidwa imakhalitsa, koma mabawuti a ekizozi amakonda kuduka, ndipo siikondwa ndi kulira nthawi yaitali itangoima, chomwe ndi chizolowezi cha anthu a ntchito ngati yako m'nyengo yozizira. Zina zili ndi sasipenshoni ya mpweya. Kwanu kozizirako imeneyo usaiyandikire. Kampaniyo inachotsa Hemi pa Ram 1500 za 2025 n'kuika injini yatsopano ya masilinda asanu ndi imodzi, ogula anadandaula, ndipo pa za 2026 Hemi inabwereranso. Injini yatsopanoyo mwina ndi yabwino. Asiye ena ayambe aiyesa ndi ndalama zawo.

Pali nambala ina imene wogulitsa adzakuimbira ngati nyimbo, ya kulemera kumene pikapu ingakoke. Nambala ya pa chikwangwaniyo ndi ya galimoto imodzi yokonzedwa mwapadera, osati imene yaima patsogolo pakoyo. Tsegula chitseko cha dalaivala, pa mphuthu pali kapepala konena katundu amene galimoto imeneyoyo inganyamule. Pa nambala imeneyo uchotsepo thupi lako, anyamata ako awiri, zida za kumbuyo, ndi kulemera kumene ngolo imatsamiritsa pa chokokera, komwe kumakhala gawo limodzi mwa magawo khumi a ngolo yonse kapena kuposerapo pang'ono. Udzadabwa kuona kuti pikapu yokongola ya zitseko zinayi ndi denga lagalasi imanyamula zochepa kuposa yosakongoletsa ya mipando yansalu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni si mtundu wa galimoto koma ngongole. Yatsopano yooneka ngati ya mu magazini ija imapitirira madola 60,000, ndipo adzakuuza kuti ulipire pang'onopang'ono kwa miyezi 84. Zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo, pamene chitsimikizo cha kampani pa injini ndi giyabokosi kwa ambiri chimathera pa zaka zisanu kapena mamailosi 60,000. Ntchito ya kapinga imaima chisanu chikagwa, koma banki siiima. Ndipo kumudzi akudziwa kuti uli ku America. Mwezi ukatha foni idzalira monga mwa masiku onse.

Unanenanso kuti ukadzatopa nayo udzaitumiza kumudzi. Iwalako zimenezo. Chiwongolero chake chili kumanzere pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye podutsa lole pa M1 udzadalira wokhala pambali kuti akuonere kutsogolo. Petulo wa V8 pa mitengo ya kwathu angakusaukitse, ndipo sensa imodzi ikafa galimoto idzagona pa mawe miyezi ikudikira sipeya yochokera kutsidya la nyanja. Ya kumudzi udzagule konko, Hilux kapena Ranger zopangidwa ku South Africa, zimene amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi amazidziwa ngati chikhatho chawo.

Ukandifunsa kuti ndikanakhala iwe ndikanatani, ndikanasaka Tundra ya 5.7 ya pakati pa 2016 ndi 2021, ndikuvomereza mumtima kuti pa filing'i siteshoni ndizilirapo. Ikadula kwambiri, F-150 ya 2.7 kapena 5.0 yokhala ndi mapepala oonetsa kuti oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake. Silverado ya mwini mmodzi wosamala ndingaitenge kusiyana ndi Tundra imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi. Ndipo ndikanaigula kuno kummwera kumene misewu siithiridwa mchere kawirikawiri, osati kwanuko. Iliyonse imene waipenya, tenga nambala yake ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17, uilowetse pa tsamba la bungwe la boma la NHTSA kuti uone ngati inaitanidwapo ndipo sinakonzedwe, ugulenso lipoti la Carfax. Ukapita kukaiona uwauze asailize iwe usanafike, chifukwa injini yozizira ndiyo imaulula matenda. Ulowe pansi ndi tochi, ugogode chesesi ndi sipanala. Wogulitsa akakana kuti upite nayo kwa makaniko wako, usakangane naye, ingonyamuka.

Usasaine pepala lililonse mwezi uno. Nditumizire ma VIN a zitatu zimene zakusangalatsa ndizione kaye, ndipo ngati ungapeze tchuthi cha masiku angapo, tsikira kuno tidzasake limodzi. Pobwerera udzayendetsa wekha mpaka ku Indiana. Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana, ndipo amayi uwaimbire, akuti wakhala chete.

Ndine mkulu wako,
ku Dallas