Inhambane: Kumene Chigwada Amachilandirira Alendo

Kwa ambiri a ife, chigwada ndi ndiwo ya pa nthawi yosowa. Timathyola masamba a chinangwa pamene mpiru wauma kudimba ndipo m'thumba mulibe ya usipa, ndipo mlendo akafika mwadzidzidzi timabisa mphikawo. Ine ndinakula ndi maganizo amenewa mpaka pamene ndinapita ndi banja langa ku tchuthi m'chigawo cha Inhambane, kugombe la nyanja yamchere ya India, kummwera kwa dziko la Mozambique.

Kuwoloka pa ngalawa

Mzinda wa Inhambane uli pa mtunda wa makilomita oposa 450 kumpoto kwa Maputo. Msewu waukulu wa EN1 sulowa mumzindawu, umadutsa pa tawuni ya Maxixe, kutsidya kwa chigwembe cha nyanja cholekanitsa matawuni awiriwa. Ife tinatsikira pa Maxixe n'kukwera boti la injini limene anthu amawolokera tsiku ndi tsiku. M'botimo tinapanikizana ndi ana asukulu, anamwino komanso amayi onyamula malichero a tomato ndi mitolo ya masamba a chinangwa. Pambali pathu pankayandama ngalawa zamathanga, zoyenda ndi mphepo yokha, zonga zimene amalonda achiarabu ndi achiswahili ankayendera m'gombeli kalekale.

Mzindawu ndi wakale ndiponso wabata. Eni ake ambiri amayankhula Chigitonga ndi Chipwitikizi. Amanyadira dzina lakuti Terra de Boa Gente, kutanthauza dziko la anthu abwino, limene amati linachokera kwa Vasco da Gama pamene ankadutsa m'gombeli mu 1498. Tchalitchi chakale cha Akatolika ndi mzikiti wakale zili pafupi ndi doko, moti munthu ungayende wapansi ndi ana osatopa.

Sukulu ya pamsika

Malo amene anatiphunzitsa zambiri ndi msika waukulu, Mercado Central. Kuli milu ya kokonati, manachesi pa nyengo yake, mbibu wokazinga umene ena amati kashu, mabotolo a tsabola wa piripiri, nsomba zouma, madengu ndi mikeka yolukidwa ndi manja. Ndalama yake ndi metikali, ndipo kunenerera mtengo n'kololedwa malinga munthu uyambe wapereka moni.

Ana anga anaima nthawi yaitali pa benchi ya mayi wina amene ankapala kokonati atakhalira kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kwake. Mayiyo anawalola kuyesa, ndipo anawaonetsa mmene amafinyira zopalazo m'madzi kuti atulutse mkaka wophikira. Palibe tikiti imene tinalipira, koma pa zonse zimene anaona paulendowu, ichi ndi chimene amakambabe.

Mlimi woona mbibu pamsikawu ayenera kudziwa mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mozambique inali patsogolo pa dziko lonse pa ulimi wa mbibu. Nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha mu 1992, inasiya mitengo yokalamba ndi yodwala. Kenaka m'zaka za m'ma 1990, boma litachepetsa msonkho wa mbibu wosasenda wopita kunja potsatira malangizo a World Bank, mafakitale ambiri osenda anatsekedwa ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Amayi amene amakazinga, kusenda ndi kugulitsa okha mbibu wawo akusunga pakhomo phindu limene likanapita ndi wogula wapakati.

Mbale ya matapa

Masana tinadya pa kanyumba kophikira zakudya pafupi ndi msika. Anatipatsa mpunga ndi ndiwo yobiriwira, yonona, ya fungo lokoma, yotchedwa matapa. Mayi a kunyumba atalawa anaseka, n'kundiuza kuti chimenechi ndi chigwada basi.

Analondola. Masamba anthete a chinangwa amawasinja mumtondo pamodzi ndi adyo, n'kuwawiritsa nthawi yaitali. Kusinja ndi kuwiritsa kumeneku n'kofunika chifukwa kumachotsa poizoni wachilengedwe amene amakhala m'masambawa. Akapsa amathira nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, ndipo amene ali nazo amawonjezera nkhanu kapena tinkhanu ta m'nyanja totchedwa camarão. Ena amadyera nsima, imene kumeneko amati xima.

Ndiwo yomweyi tinaipezanso pa mndandanda wa zakudya m'malo odyera alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya, pa mtengo wokwera kangapo. Chinangwa chimapirira m'dothi la mchenga la m'derali mmene chimanga chimavutika, ndipo masamba ake ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa mizu yake. Anthu a ku Inhambane sachita nacho manyazi chakudya chawo, n'chifukwa chake mlendo amachilipira.

Ku Tofo ndi ku Barra

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 22 kuchokera mumzinda pali gombe la Tofo, ndipo amapitako pa minibasi zotchedwa chapa. Malowa ali ndi mbiri yakenso, pakuti ndi kuno kumene atsogoleri a Frelimo anavomereza malamulo oyamba oyendetsera dziko mu June 1975. Kuyambira June mpaka October anamgumi amadutsa m'nyanjayi, ndipo nthawi zina amaoneka munthu uli pamtunda. Kulinso shaki wamkulu kuposa nsomba zonse, amene amatha kupitirira mamita 10 koma amadya tizamoyo ting'onoting'ono ndipo savulaza munthu. Kuyambira mu January 2021 malamulo a usodzi a dzikoli amaletsa kupha nsomba imeneyi, popeza yamoyo imakopa alendo chaka ndi chaka pamene yakufa imagulitsidwa kamodzi.

Kholo lisamale: nyanja yamchere ili ndi mafunde okoka mwamphamvu, ndipo madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Funsani asodzi malo oyenera kusambira. Ife ana tinawatengera chakufupi ndi Barra madzi ataphwa, kumene anaona nkhanu zikuthamanga m'matope pansi pa mitengo yomera m'madzi amchere. Mitengo imeneyi ndi moswanirana nsomba ndiponso imatchinga gombe. Amene anaona namondwe Dineo atasakaza Inhambane mu February 2017, kapena Freddy amene anagwera chigawochi mu February 2023 asanafike ku Malawi mwezi wotsatira, amadziwa kufunika kwa tchinga lotere.

Ndalama ya mlendo imatsala kuti?

Si zonse zili bwino. Pali malo ogona amene amaitanitsa chakudya kuchokera kutali pamene alimi oyandikana nawo akusowa msika. Mlendo akalowa pa geti n'kudya, kumwa ndi kugona momwemo mpaka tsiku lobwerera, mudzi umangoona fumbi la galimoto yake.

Funso limeneli likukhudzanso Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, ngakhalenso midzi yozungulira South Luangwa ku Zambia. Mlangizi angathe kuthandiza gulu la alimi kugwirizana ndi malo ogona alendo kuti lizipereka masamba, mazira ndi zipatso mosadukiza, pa tsiku lodziwika ndiponso mwaukhondo, chifukwa wophika amafuna katundu wodalirika kuposa wotchipa. Gulu la amayi lingathe kuphikira alendo thelere, nkhwani wotendera kapena futali, n'kuika mtengo woyenera thukuta lawo.

Titabwerera kwathu tinabzala mizere iwiri ya chinangwa kuseri kwa nyumba. Kokonati ndi wovuta kupeza, choncho timangotendera ndi nsinjiro zambiri. Alamu anga atabwera kudzationa mwezi watha tinawaphikira chigwada chomwecho, ndipo anapempha kuwonjezera.