Za Kachirombo Kotentha ka m'Nyanja ya Mchere

Ife amene tinabadwira m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kufikira ku Usisya, tili nako kudzitama kumodzi kumene sitikubisa, ndiko kunena kuti madzi tiwadziwa. Mwana wathu aphunzira kusambira asanadziwe kuwerenga; ayang'ana kumwamba nazindikira kuti mwera uli pafupi; adziwa dooko limene ng'ona ibisalapo, ndi thamanda la nkhono limene munthu atengamo likodzo. Kudzitama kumeneku si kwachabe iyayi. Koma nzeru yathuyi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo ili nawo malire ake. Tsono ana athu ambiri masiku ano akhala kutsidya kwa malirewo.

Ulendo wa kum'mwera si wachilendo kwathu. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anafika ku Cape Town m'chaka cha 1918, ndipo m'chaka cha 1919 anayambitsa chigwirizano cha antchito a padooko la zombo. Njira imene iye anayendamo siinamere udzu kufikira lero, pakuti ndi mabanja ambiri kuno amene ali ndi mwana ku Cape Town kapena ku Durban. Anawo akapeza tsiku lopuma, makamaka pa nyengo ya Khrisimasi, atsikira kugombe. Ndipo Mtonga akaona madzi mtima suleza, avula malaya nalowa. M'madzi amenewo muli kachirombo kamene agogo athu sanatiuze, popeza iwonso sanakumane nako pa bwato.

Angerezi atcha mtundu wonse wa tizirombo timeneti jellyfish, chinkana si nsomba konse: tilibe fupa, tilibe mamba, tilibe magazi, ndipo thupi lake pafupifupi lonse ndi madzi okhaokha. Kamene kavutitsa anthu kwambiri pa magombe a South Africa akatcha bluebottle, ndipo m'Chibunu ati bloublasie. Kaoneka ngati kathumba ka mpweya kamene tichotsa m'mimba mwa nsomba, koma kobiriwira ngati thambo. Kayandama pamwamba pa madzi, ndipo pansi pake palendewera ulusi wautali umene sukhala woonekera bwino m'mafunde. Kalibe mphamvu ya kusambira kokha. Mphepo ndiyo ikaweta, ndipo mphepo ya kunyanja ikaomba molunjika kumtunda tidzaza gombe lonse.

Nako kunyanja ya Tanganyika kuli kachibale kake kakang'ono, kofanana ndi khobidi kukula kwake, kamene Mjeremani Richard Böhm anakaona m'chaka cha 1883. Kameneko kanasokoneza anthu ophunzira, kotero kuti ena anaganiza kuti nyanjayo kale inali nthambi ya nyanja ya mchere; ganizo limeneli linatayidwa pambuyo pake. Kameneko sikasautsa munthu kwambiri, tikaleke.

Kuti timvetse ululu wa bluebottle tikumbuke chitedze. Munthu amene chitedze chamgwera adziwa kuti ubweya wake uli pakhungu, ndi kuti akakanda ndiye wauloŵetsa. Ulusi wa kachiromboka uli wotero, koma woposa. Pa ulusiwo pali timatumba tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'kathumba kalikonse muli kamkondo kopindidwa kokhala ndi ululu. Ulusi ukakhudza khungu, timikondo tina tiphulika msanga koposa kuphethira kwa diso, nitibaya. Munthu amva ngati wamenyedwa ndi chikoti chamoto. Pakhungu patuluka mikwingwirima yofiira yondandalika ngati mikanda, ndipo nthawi zina ululu ukwera kufikira m'khwapa kapena m'mphechepeche, monga muja uchitira mwanabere. Kwa anthu ambiri kuwawa kutsika mkati mwa ola limodzi kapena awiri, chinkana mikwingwirima ikhala masiku angapo.

Koma apa mpamene pagona nkhani: timikondo tonse sitiphulika pa nthawi imodzi. Tambiri titsala pakhungu tili chitsekere, ndipo zimene munthu achita atatuluka m'madzi ndizo zidzalamulira ngati tiphulike kapena ayi. Nanga mwana wa kwathu adzachitanji? Adzachita zimene manja ake anazolowera: adzatapa mchenga nakhula pamalopo, monga tikhulira poto ndi zidendene pa dooko, atatero adzathamangira ku mpopi kukatsuka ndi madzi akumwa. Zonse ziwirizi ziwonjezera ululu. Kukhula kufinya timatumbato, ndipo madzi opanda mchere, popeza asiyana ndi madzi amene tinakuliramo, atidzidzimutsa nitiphulika. Madzi omwewo amene kwathu ndiwo mankhwala oyamba a bala lililonse, pamenepo asanduka mdani. Kachasu kapena spiriti achita chimodzimodzi. Ndipo kuli mphekesera yofala m'maiko ambiri yakuti mkodzo uchiza. Ili ndi bodza, ndiponso lonyazitsa munthu pagulu popanda phindu. Za kutema mphini, kuyamwa bala, kapena kumanga mwendo ndi luzi sitichita kunena. Pano palibe mano a njoka.

Chofunika ndi ichi. Munthuyo atuluke m'madzi msanga, pakuti ululu ukhoza kumlanda mphamvu ya kusambira. Ulusi wotsala pakhungu autsuke ndi madzi a m'nyanja momwemo, ndipo wokakamira auchotse mofatsa ndi kamtengo kapena ndi nsonga za zala, kumene khungu lili lochindikala. Wochotsayo asadzigwire m'maso asanasambe. Ulusi utachoka, aviike pamalopo m'madzi otentha. Madokotala a ku Newcastle m'dziko la Australia anayesa njira imeneyi pa anthu olumidwa ndi bluebottle, nalengeza m'chaka cha 2006 kuti madzi otentha madigiri 45, kwa mphindi 20, achotsa ululu koposa madzi oundana. Kutentha kumeneku ndi kwa madzi amene dzanja la munthu wabwino likhoza kupirira osapsa. Chifukwa chake wothandizayo ayambe waviika dzanja lake, pakuti wolumidwayo, pomva moto wa ululu, sangazindikire kuti madzi amwotcha. Pakasowa madzi otentha, madzi oundana okulunga m'nsalu kapena m'pulasitiki athandizako pang'ono.

Nanga viniga? Ambiri anamva kuti ndiye mankhwala ake, ndipo m'mawumo muli choonadi. M'madzi ofunda a kumpoto kwa Australia ndi ku Philippines muli mtundu wina wa thupi la ngodya zinayi ngati bokosi, umene ukhoza kuimitsa mtima wa munthu m'mphindi zochepa. Pa mtundu umenewo viniga wothira kwa theka la mphindi amanga timikondo tosaphulika, ndipo pa magombe a kumeneko aika mabotolo a viniga pa mitengo kuti aliyense atenge. Koma pa bluebottle anzeru sanamvane: ena ati athandiza, ena ati autsa timikondo. Ife tiona kuti mlendo achita bwino kugwira chimene onse avomerezana, ndiwo madzi otentha, ndi kumvera alonda a pagombe, amene aimika mbendera zofiira ndi zachikasu posonyeza posambira. Iwo aona mabala otere tsiku ndi tsiku.

Pali choopsa china chimene sichichokera ku kukula kwa ululu, koma ku thupi la munthu mwini. M'chaka cha 1901 Afalansa awiri, Charles Richet ndi Paul Portier, anakwera chombo cha kalonga wa ku Monaco kukaphunzira ululu wa mtundu womwewu wa bluebottle. Atabwerera ku Paris anapitiriza ndi ululu wa kachirombo kena kapachibale, nabaya nawo agalu, poyembekeza kuti thupi lidzazolowera monga lichitira ndi katemera wa nthomba. Zinachitika zosiyana. Galu wina amene anapirira ulendo woyamba, atambayanso pang'ono chabe patapita masabata, anabanika nafa tsiku lomwelo. Potero m'chaka cha 1902 anazindikira kuti thupi likhoza kuukira ululu umene linakumana nawo kale, ndi ukali wopha mwini wake. Richet analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ichi m'chaka cha 1913.

Nzeru imeneyi inatuluka m'nyanja ya mchere, koma ifika ndi kwathu komwe, pakuti njuchi ndi mavu a ku Mpamba achita chomwecho kwa anthu ena. Tikaona munthu wolumidwa, kaya ndi bluebottle ku Durban kaya ndi njuchi m'munda wa chinangwa, milomo kapena lilime lake likutupa, mawu asasa, mpweya ubanika, zidzolo zabuka thupi lonse, kapena achita chizungulire nagwa, tisayembekeze kuti kuche. Ameneyo afunika jakisoni wa adrenaline, ndipo aupeza kuchipatala, kaya ku Chintheche kaya ku Nkhata Bay. Momwemonso mwana wamng'ono amene ulusi wamkulunga thupi, ndi yense wolumidwa m'diso kapena m'kamwa, apite naye kwa dokotala chinkana aoneka wolimba.

Abale, pamene mulankhula pa lamya ndi ana anu a kum'mwera, mutafunsa za moyo ndi za mapemphero, muwauzeko ndi izi, makamaka chifukwa cha adzukulu. Madzi akaphwa, tizirombo timeneti titsala pamchenga tili mbuu, tonyezimira ngati tizidole, ndipo mwana athamangira kukatola kapena kukatiphulitsa ndi phazi kuti amve kulira kwake. Kachiromboko kakhoza kukhala katafa ndi kuuma padzuwa, koma timikondo ta pa ulusi wake tikali ndi ululu kwa masiku ambiri.