Galimoto Yosamva za Kunja

Pakhoma la galaja ya malume anga pali chithunzi chakale cha galimoto yakuda, yaitali ngati bwato. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi yonyamulira maliro. Tsiku lina nditawafunsa, malumewo anaseka uku akupukuta girizi m'manja, nati, "Mphwanga, iyo ndi Mercedes-Benz 600. Ankakweramo ndi akuluakulu okhaokha."

Galimotoyi inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Frankfurt ku Germany m'chaka cha 1963, ndipo pomwe ankasiya kuipanga mu 1981 n'kuti atapanga 2,677 zokha. Mwa zimenezi, 59 zinali za mtundu wa Landaulet, zomwe denga lake lakumbuyo limapindika kuti mtsogoleri aziimirira n'kumabayibitsa anthu. Imodzi inapangidwira Papa Paul VI mu 1965. Injini yake inali ya masilinda 8, ya malita 6.3, ndipo inkatha kuthamangitsa chigalimoto cholemera matani oposa awiri ndi theka pa liwiro la makilomita 200 pa ola.

Komatu malume sankatama liwiro. Iwo ankagoma ndi timapaipi. M'galimoto zambiri magalasi amakwera ndi timamota tamagetsi tomwe timalira. Akatswiri a ku Germany anafuna bata, choncho anayala timapaipi ta mafuta opanikizidwa kwambiri m'thupi lonse la galimotoyo. Mafutawo ndiwo ankakweza magalasi, kusuntha mipando ndi kutseka buti, zonse mwakachetechete. M'malo mwa masipuling'i achitsulo munali matumba a mpweya, moti wokwera sankamva mabampu. "Koma kapaipi kamodzi kakangodontha," ankatero malume, "bwana yense amasanduka mkaidi."

Nditafika kuno ku yunivesite, m'phunziro la kapangidwe ka mawu, ndinakumana ndi liwu la Chiswahili lakuti Wabenzi. Mphatikiram'mbuyo wa-, yemwe amatchulira anthu ngati mtundu, anamumata ku dzina la Benz ponyogodola atsogoleri amene analemera mayiko awo atangolandira ufulu. Kenaka ndinawerenga kuti Idi Amin wa ku Uganda ndi Mobutu wa ku Zaire anali m'gulu la eni galimoto ya pakhoma ija. Mtima wanga unagawanika. Bata lomwe malume ankalitama ndi lomwenso linkatchinga makutu a wokhala kumbuyo kuti asamve kulira kwa anthu m'mbali mwa msewu.

Patchuthi ndinawauza malume zimenezi, ndikuganiza kuti achotsa chithunzicho. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, amene anamanga timapaipito sanaphe munthu. Anali amisiri ngati ine."

Sindinawatsutse, ngakhale sindinakhutire kwenikweni. Chithunzicho chikadalipo. Ndikachiyang'ana masiku ano ndimaona anthu awiri: wina wagona pansi pa galimoto ndi sipanala m'manja, winayo wakhala kumbuyo, magalasi atatseka.