Khonde Lathu la ku Erdington, Lopanda Msomali Pamwamba

Tonsefe tinakulira pakhonde. Mpomwe tinkasola chimanga, mpomwe alendo ankalonjeredwa, mpomwenso milandu ya pabanja inkathera. Kuno nyumba zambiri za ku Birmingham nzolumikizana khoma ndi khoma, ndipo kuseri kumangokhala kabwalo kakatali, kopapatiza, kamatope. Ife a m'banja lino tinapirira matopewo zaka zingapo ku Erdington, kufikira chitupa cha amayi athu chobwerera kudzacheza miyezi isanu ndi umodzi chitatuluka. Tinadziwiratu kuti munthu wozolowera khonde la ku Ntcheu sangabindikire m'nyumba. Tinagwirizana zoyala khonde la matabwa.

Koma amayi ali ndi nthenda ya shuga, ndipo mapazi awo anachita dzanzi kalekale. Amene timasamala okalamba kuno, makamaka ife tinachita maphunziro a unamwino kumudzi, timadziwa kumene kabala ka kuphazi kamathera. Munthu amaponda mutu wa msomali osamva kanthu, balalo limabisala, ndipo magazi akamayenda movutika limakana kupola. Tamangapo mabala otere m'nyumba za okalamba za ku West Midlands kuno, ndipo ena eni ake anatsala ndi mwendo umodzi. Kuwauza amayi kuti azivala nsapato pakhonde n'kutaya nthawi. Tinayesapo kumudzi, anatiseka.

Khonde la masiku onse amalikhoma kuchokera pamwamba. Thabwa likamafufuma ndi mvula n'kuumanso, mitu ya misomali imatukuka, pozungulira pake pamang'aluka tizipatso tobaya, ndipo madzi amalowera pomwepo n'kuyamba kuwoletsa. Njira inayo ndi ya tizitsulo topanira. Thabwa lililonse limakhala ndi kangalande m'mbali mwake. Kachitsuloko kamalowa m'kangalandemo, n'kumangidwa ndi msomali wopota pa mtanda wapansi, kenaka thabwa lotsatira limadzalowa mbali inayo. Pamwamba sipaoneka chitsulo chilichonse. Tizitsuloto timasiyanso tokha mpata wofanana, wa mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi, woti madzi azidutsa.

Tisabise, poyamba tinagwa nayo. Ku sitolo ina tinapempha matabwa a ngalande, natipatsa aja okhala ndi mizere pamwamba, m'mbali muli see. Tinazindikira titatsitsa kale mulu wonse. Kubweza kunatidyera sabata ndi ndalama ya galimoto. Anzathu mukamagula, pisani chala m'mbali mwa thabwalo.

Ntchito yeniyeni ili pansi, pamene mlendo saona. Ku England khonde losapitirira masentimita 30 kuchokera pa nthaka kawirikawiri silifuna chilolezo cha mapulani ku khonsolo, bola pamodzi ndi zomanga zina lisadye kuposa theka la bwalo. Okhala m'nyumba ya lendi ayambe apempha kwa mwini wake. Lathu tinalitsitsa kwambiri, pofuna kuti pakhale sitepe imodzi yokha. Tinayala nsalu yakuda yotchinga udzu, n'kuika mitanda motalikirana masentimita 40, yopendekera pang'ono kuti madzi azithawa khoma la nyumba. Matabwa a panja kuno amawamwetsa mankhwala okhala ndi kopa, amene amafulumizitsa dzimbiri pa chitsulo wamba, choncho tinagula misomali yosachita dzimbiri ngakhale inali yodula. Paliponse pamene tinacheka tinapakapo mankhwala.

Kuyala kwake nkochedwa. Mtanda uliwonse ukufuna kachitsulo kake pa thabwa lililonse, ndipo thabwa lokhota liyenera kukankhidwa mpaka lilowe bwino. Ife ogwira ntchito ya usiku tinkagwada pamenepo masana, tulo tili m'maso, ana akutipatsira tizitsulo. Mlamu wathu wa ku Wolverhampton, amene anaphunzira ukalipentala asanabwere kuno, anati tikudzivuta, iye akanakhoma tsiku limodzi. Pa mfundo imodzi ananena zoona: thabwa la pakati likadzawola, kulichotsa kudzakhala kovuta kuposa likanakhala lokhomedwa pamwamba. Tinavomera. Thabwa lomaliza lokha ndilo linakana kachitsulo. Tinalibowola, n'kumiza misomali, n'kutseka mabowowo ndi timitengo topala bwino.

Chimene tizitsulo sitingathe ndi ndere. Chinyezi cha kuno chimameretsa ndere pa matabwa, ndipo m'nyengo yozizira pamaterera koopsa. Timakwecha ndi burashi yolimba, ndipo pa sitepe tinamatapo timizere tokhakhala.

Amayi anafika mu June. M'mawa mwake tinawapeza atatuluka kale, chitenje m'chiuno, nsapato atazisiya pakhomo. Anayenda uku ndi uko akukhwekhwereza phazi, kenaka anagwada n'kusisita matabwa ndi dzanja.

“Ana inu, nanga misomali munaiwala?”

“Ilipo amayi, ili pansi.”

Anapukusa mutu, nati azungu ndi anthu obisa zinthu, n'kuitanitsa mkeka. Madzulo aliwonse timawayang'anabe mapazi, chala ndi chala, iwo akudandaula kuti tikuwayesa khanda.