Walira Mvula Walira Matope

M'caka ca 1898 mai wina wa ku America, dzina lace Kate Chopin, analemba nthano yaifupi yochedwa The Storm, ndiko kunena Namondwe. Mwini wace anamwalira mu 1904 asanaisindikize, ndipo inayamba kuoneka m'buku mu 1969. Nkhani yace inali yolemera kwa anthu a masiku aja, pakuti ikamba za cigololo cimene sicilangidwa.

Nthanoyi icitikira ku Louisiana. Bobinôt ndi mwana wace Bibi, wa zaka zinai, atsekerezedwa ndi mvula m'sitolo. Mkazi wace Calixta ali yekha kunyumba, alikusoka pa makina, thukuta liri kamukamu, osazindikira kuti kumwamba kwada. Pamene aturuka kukaanula zobvala za mwamuna wace, afika pa kavalo Alcée, amene anakondana naye asanakwatiwe, napempha kuusa mvula pakhonde. Mvula ikula, nimlowetsa m'nyumba. Mphezi ikantha mtengo m'mphepete mwa munda. Mkaziyo adzandira ndi mantha, nagwera m'manja mwa mlendoyo. Mabingu ali mkati, awiriwo acimwa.

Tsono wowerenga wacheru aona kuti mlembi wamanga mvula ndi cilakolako ndi luzi limodzi. Kutentha kuja ndiko cikondi cakale cimene cinangobisala, cosafa ai. Madzi olowa pansi pa citseko, ngakhale anayesa kutsekapo ndi ciguduli, aonetsa kuti ciyeso cipeza mpata ngakhale m'nyumba yotseka. Mvula itakata, dzuwa liwala, Alcée akwera kavalo wace, ndipo Calixta aseka. Madzulo ace Alcée alembera kalata mkazi wace Clarisse ku Biloxi kuti asafulumire kubwera, ndipo iyenso akondwa. Nthano itha onse ali pamtendere.

Koma pali kanthu kamodzi koyenera kukalingalira bwino. Pobwerera kwao, Bobinôt aima panja napala matope pa miyendo ya mwana ndi kamtengo, nadzikonza iye yemwe, kuopa kuti mkazi wace waukhondo amkalipira. Alowera ku khomo la kumbuyo ngati mbala, atatenga citini ca ndiwo zimene mkaziyo azikonda. Wosalakwa ndiye acita manyazi. Wolakwa amlandira ndi cimwemwe. Matope a mwamuna ali poyera, ndipo acoka ndi madzi. A mkazi ndi mlendo wace saoneka, ndipo palibe awasambitsa.

Cifukwa cace mtendere wa pa mapeto paja uli wa mtengo wace. Waima pa kusadziwa kwa anthu awiri, Bobinôt ndi Clarisse, ndipo udzakhala pokhapo coonadi cikakhala cobisika. Fanizo la mlembi nlokongola, koma lipunduka mwendo umodzi: mtambo ulibe mtima wosankha, pamene munthu ali nao. Mvula inalowetsa Alcée m'nyumba, koma sindiyo inamlowetsa kucipinda.

Mnyamata kapena namwali amene watsiriza sukulu, nayamba kuganiza za banja, adzamva anzace alikunena kuti cikondi cotere cingogwa ngati mvula, ndipo palibe angaciletse. Akumbukire Bobinôt alikupala matope panja pa nyumba yace. Akulu anati walira mvula walira matope. Koma m'banja, kawirikawiri woponda matopewo ndi uja amene sanailire mvulayo.